Galu amachenjeza asanalume, ogontha ndife

Ku Nkolokosa kuno mawu amene alumitsa anthu ambiri ndi akuti, "Lowani, samaluma ameneyo." Mlendo waima pageti, wati odi, galu wadzuka pakhonde. Mwini nyumba ali kuseri akuchapa, osasuzumira n'komwe kuti aone mmene galuyo waimira, akungofuula kuti lowani. Bodza lenileni sananene, pakuti iyeyo galuyo sanamulumepo, poti ndiye amam'patsa nsima. Koma wowerenga mita ya madzi, mnyamata wa makala, mayi wa masamba ndi mwana wa aneba wodzapempha mchere sanam'patsepo kanthu, ndipo galuyo alibe nawo pangano lililonse.

Zikachitika, nkhani imakhala imodzimodzi kuyambira ku Zingwangwa mpaka ku Chitawira: "Wangomuluma mwadzidzidzi, sanachitepo zoterezi." Abale anga, ine mawu amenewa ndimawakana. Makolo athu, amene ankagona ndi agalu kutchire posaka nyama, anati galu wamkota sakandira pachabe. Iwo ankadziwa kuti chilichonse chimene galu akuchita ndi thupi lake chili ndi chifukwa. Galu wabwinobwino, amene sanadwale mutu, kawirikawiri amayamba wanena asanalume. Amanena ndi makutu, maso, mchira ndi kaimidwe. Ife a m'tauni tinaleka kumva chinenero chimenechi, koma agalu sitinaleke kuweta. Tawachulukitsa kumene, chifukwa cha akuba. Nyumba za kuno n'zothinana, kuseri kwa nyumba zambiri tinamangako tinyumba tina ta lendi, mipanda ya njerwa yakwera, ndipo tinjira timene ana amadutsa popita kusukulu tapanikizika pakati pa mipandayo. Galu ndi mwana akakumana mmenemo palibe wopatukira mnzake.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galu akayamba kusowa mtendere sayambira mano. Amayasamula pamene alibe tulo. Amanyambita mphuno yake pamene palibe chakudya pafupi. Amaphethiraphethira, n'kutembenuzira mutu kumbali ngati sakukuonani. Mukapitiriza kumuyandikira amadzuka, n'kukagona pansi pa galimoto kapena kuseri kwa bafa. Apatu galu wanena kale, mwaulemu wake, kuti ndisiyeni. Munthu wamkulu akaona zimenezi ayenera kuitana mwana amene akumuyandikira galuyo kuti abwerere. M'malo mwake timaseka, n'kumati galuyu ndi wamanyazi.

Mwana uja akam'tsatira komweko, galu amagonetsa makutu chakumbuyo, amanyonyomala, mchira n'kuupanira pakati pa miyendo. Maso amayang'ana cham'mbali mpaka koyera kwa diso kumaoneka. Ena amagona chagada n'kutukula mwendo, ndipo ife timati akufuna kukandidwa pamimba. Yang'anitsitsani. Galu wofuna kusewera thupi lake limakhala lolobodoka, kukamwa kuli yasa, akudzigubuduza. Wamantha amagona chagada atauma, kukamwa atatseka, mchira ataumata pamimba. Ameneyo akupempha kuti musam'pweteke, ndipo mukaika dzanja pamimbapo mwam'tsekera njira yomaliza yopempha mtendere.

Dokotala wina wa ziweto wa ku Britain, Kendal Shepherd, anayala zizindikiro zimenezi ngati makwerero: pansi penipeni kuyasamula ndi kunyambita mphuno, pamwamba penipeni kuluma. Anachita bwino, chifukwa anaonetsa kuti mano amabwera kumapeto, zina zonse zitakanika. Koma musaganize kuti galu aliyense amaponda pathabwa lililonse. Wina amakwera makwerero onsewo m'kuphethira kwa diso, makamaka ngati anaphunzira kale kuti kupempha mwaulemu sikuthandiza.

Chizindikiro chimene ine ndimachiopa kuposa zonse ndi kuuma thupi. Galu anali wefuwefu, lilime lili panja, kenaka watseka pakamwa mwadzidzidzi. Waima nji, osagwedezeka, thupi lapendekera kutsogolo, maso ali pa inu osaphethira, ubweya wa pakhosi ndi pamsana waimirira. Mwina akudya, ndipo mutayandikira wasiya kutafuna, mutu uli pambale, maso okha akukutsatani. Pamenepo kwatsala kamphindi. Chotsatira ndi kudzuma, kulirira kukhosi kuja, kenaka kukwinya mphuno mano n'kuonekera, kenaka kuluma mphepo pafupi ndi mwendo wanu. Anthu amati, "Mwayi wanga, wandiphonya." Sanakuphonyeni. Galu ndi wachangu kuposa mwendo wa munthu aliyense; akafuna kukugwirani amakugwirani. Kuluma mphepo kuja ndi chenjezo lomaliza.

Za kuuwa sindinena zambiri. Galu wouwa ali chapatali, akupita kutsogolo n'kubwerera, nthawi zambiri akungokuuzani kuti wakuonani ndipo akuitana mwini wake. Sindikuti wouwa saluma ayi. Koma amene amandiimitsa tsitsi ndi uja wasiya kuuwa n'kuyamba kubwera mwakachetechete, mutu atatsitsa.

Mchira nawo wapusitsa ambiri. Tinakula tikumva kuti galu akamagwedeza mchira wakondwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galu wokondwa amagwedeza mchira pamodzi ndi chiuno chomwe, thupi lonse likuvina. Koma mchira ukaima m'mwamba, wouma, n'kumangonjenjemera kunsonga, miyendo ili chilili, galuyo sanakondwe, akukuyezani. Vuto lina tinaliyamba tokha: agalu ambiri timawadula mchira ndi makutu ali aang'ono poti aoneke aukali. Tawadula zimene amanenera, ndiye tizidabwanso kuti sananene?

Ana ndiwo amalumidwa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomvetsa chisoni. Ofufuza a pa yunivesite ya Lincoln ku England anapeza kuti ana aang'ono ambiri akaona chithunzi cha galu atatulutsa mano amati akuseka. Mwana wa zaka zinayi akaona mano aja amasendera pafupi kuti am'kumbatire mnzake wosekayo. Komanso msinkhu wake ndi wofanana ndi wa galuyo, choncho bala limakhala kumaso, kumutu kapena pakhosi, pamene wamkulu akanalumidwa pakatumba. Mwana sabadwa akudziwa zimenezi. Moto timamuphunzitsa, msewu timamuphunzitsa, koma za galu amene amagona naye pabwalo limodzi timangoti adziwana okha.

Tsopano ndifike pa mlandu wa ife eni agalu. Galu akadzuma pamaso pa alendo timachita manyazi, n'kutola chikuni kapena lamba. "Iwe! Ukufuna kuluma ndani?" Phwa! Galu amaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti kudzuma kumabweretsa ndodo. Mantha amene anam'dzumitsa aja sanachoke, angowonjezeka. Ulendo wina sadzadzuma, adzangoluma. Kum'menya galu chifukwa wadzuma kuli ngati kuchotsa hutala pa minibasi poti ikusokosa, mabuleki ali osagwira. Galu wanu akadzuma, choyamba chotsani mwana kapena mlendo pamenepo. Kenaka dzifunseni chimene cham'dzumitsa. Kodi amadya? Kodi anali m'tulo wina n'kum'ponda? Kodi ali ndi ana? Galu wamkazi woyamwitsa amatha kuluma ngakhale mwini wake, ndipo palibe cholakwa chimene wachita. Kapena akumva kuwawa? Galu wofatsa akayamba kulusa mukam'gwira khutu kapena mwendo, m'pitireni kwa a vetenale. Agalu athu ambiri makutu awo anadyeka ndi ntchentche, nkhupakupa zili mbwee, ndipo ana amakoka pa zilonda pomwepo.

Pali nzeru ina imene anyamata amapatsana m'makwalala, yoti galu kuti akhale wolusa uzim'thirira tsabola m'chakudya, ena amati chamba, ena amati uzim'tsekera m'kakhola kamdima usana wonse kuti asazolowere anthu. Walira mvula walira matope. Galu woleredwa motero sasiyanitsa wakuba ndi mdzukulu wanu wobwera ku holide. Amangodziwa kuti munthu aliyense ndi woopsa. Tsiku limene wina adzaiwale kukhoma kakholako masana, wakuba sadzakhalapo. Padzakhala mwana wa alendi anu akusewera pampopi. M'mera mpoyamba. Kagalu kamene m'miyezi itatu yoyambirira kaona anthu osiyanasiyana, ana, njinga ndi nkhuku, popanda kuzunzidwa, kamakula kodekha, ndipo kudekha sikuletsa galu kulonda. Galu wokhazikika maganizo amauwa usiku akamva chachilendo, n'kukudzutsani. Ntchito imene tinam'wetera ndi imeneyo.

Masiku ano kwabweranso kukonda agalu akuluakulu a mitundu yakunja, monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd. Sindikuwanyoza, ndipo chinenero chawo n'chimodzimodzi ndi cha galu wachikuda. Kusiyana kwake n'kwakuti galu wamkulu chotero akaluma mwana, nkhani yake siithera pa bandeji. Amene alibe mpanda wolimba, chakudya chokwanira ndi nthawi yomuyendetsa, asamugule pongofuna kuti aneba amuope.

Tcheni nachonso ndi nkhani. Ndanena kuti galu akasowa mtendere amayamba wachokapo. Womangidwa pamtengo wa mango tsiku ndi tsiku alibe kochokera. Ana oweruka kusukulu amam'tosa ndi timitengo pampata wa geti, ena amam'genda, iye n'kumangodzikoka pakhosi. Mkwiyo umenewo amausunga. Inu makolo, mwana wanu akamagenda galu wa eni ake womangidwa, musamaseke. Mwina amene adzalipire si iyeyo, koma mng'ono wake wosalakwa, tsiku limene tchenicho chidzaduke.

Nanga mukakumana ndi galu panjira, atauma kale thupi? Mwendo umafuna kuthawa, koma kuthawa ndiko kumamuitana, pakuti chilichonse chothamanga galu amachithamangitsa, ndipo simungam'pose liwiro. Imani chilili, manja muwasunge pathupi, mutembenukire cham'mbali, musam'yang'ane m'maso ndipo musakuwe. Agalu ambiri amanunkhiza n'kutaya chidwi. Akatero bwererani pang'onopang'ono osam'patsa msana. Ngati muli ndi chikwama, ambulera kapena dengu, chikhale pakati pa inu ndi iye. Wa njinga atsike, njingayo ikhale mpanda wake. Mwana akagwetsedwa adzipinde, nkhope aibise m'mawondo, manja aphimbe khosi ndi makutu, akhale duu.

Chizolowezi chathu chowerama ngati tikutola mwala ndikuchidziwa, ndipo sindinama, agalu oyendayenda amene anagendedwapo amathawadi. Koma musachiyese mankhwala a galu aliyense. Wamkazi amene ali ndi ana m'ngalande sathawa. Wopanikizika pakona alibe kothawira. Ndipo mwana wamng'ono akawerama wapereka nkhope yake. Nyengo imene agalu aamuna amatsatana m'chigulu pambuyo pa wamkazi mmodzi, kapena akamalimbirana zakudzala pafupi ndi msika, kulibwino kungosintha njira. Agalu akamamenyana musalowetsepo dzanja, ngakhale mmodzi ali wanu, athireni madzi.

Zonse ndanenazi ndi za galu wamutu wabwino. Koma alipo mmodzi amene sachenjeza, ndiye wachiwewe. Ameneyu matenda am'lowa mu ubongo, ndipo makwerero aja kwa iye kulibe. Chizindikiro chake chachikulu ndi kusintha khalidwe. Wofatsa amayamba kulusa popanda chifukwa, wolusa amatha kufatsa modabwitsa. Amaluma zilizonse, mitengo, miyala, tcheni chake chomwe. Amachoka pakhomo n'kumangoyenda osadziwa kolowera, dovu lili chuchuchu, mawu ake ouwira atasintha. Palinso chiwewe china chachete, chimene chimapusitsa anthu achifundo: galu amangofooka, chibwano chili lende, akulephera kumeza, miyendo yakumbuyo ikukana. Mwini wake amati wam'kakamira fupa pakhosi, n'kulowetsa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Musayerekeze. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu, ndipo kachilonda kakang'ono ka pachala n'kokwanira. Galu wachilendo akalowa pabwalo masana, osauwa, osaopa munthu, lowetsani ana m'nyumba, tsekani chitseko, dziwitsani aneba ndi a vetenale.

Ife a mu Blantyre matendawa tisamawamve ngati nthano. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuno kwathu, kafukufuku amene Dr. Macpherson Mallewa ndi anzake anachita pa chipatala cha Gulupu, n'kumusindikiza mu 2007, anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 chinali chiwewe. Mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Taganizani, makolo kuika maliro akuti ndi malungo, osakumbukanso kagalu kamene kanam'kanda mwana miyezi iwiri yapitayo. Mu 2012 madokotala a ana a pa chipatala chomwechi analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kudandaula kuti ana odwala chiwewe akuchuluka.

Kudandaulako kunamveka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi bungwe losamalira nyama la BSPCA, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda uno m'masiku 20 okha. Ambiri mukukumbuka mizere ya ana atagwira agalu pa zingwe m'mabwalo a sukulu za pulayimale, ndi agalu oyenda ndi penti pamutu posonyeza kuti abayidwa. Anafikira agalu pafupifupi 79 mwa 100 alionse, kuposa mlingo wa 70 umene akatswiri amati ukafikidwa matendawa amasowa podumphira. Zaka zotsatira, ana ofika ku Gulupu ndi chiwewe anachepa kwambiri. Akuluakulu anzanga amakumbuka kale lija boma likalengeza kuti agalu onse amangidwe, wopezeka akuyenda ankawomberedwa. Mfuti sinathetse chiwewe, chifukwa ukapha agalu pamalo pamabwera ena osabayidwa. Jakisoni ndiye waonetsa mphamvu. Koma agalu athu sakhalitsa, amafa msanga ndipo ena amabadwa chaka chilichonse, choncho katemera wa chaka chatha sateteza kagalu kamene mwagula pamsewu mwezi uno. Tiana ta agalu timeneti nato timatha kukhala ndi chiwewe, ndipo nditomwe ana amagona nato pamphasa.

Tsoka likagwa, mwana walumidwa kapena wakandidwa, ntchito yoyamba ili pampopi. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Mphindi 15 n'zambiri mwana akulira, koma muziwerenge pa foni, chifukwa kutsukako kumachotsa tizilombo tambiri tisanalowe m'mitsempha. Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa Zingwangwa pompa kaya ku Gulupu, ndipo akakuyambitsani jakisoni mukamalize masiku onse amene akuuzani. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chiwewe chimabisala m'thupi, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Bala limapola, aliyense n'kuiwala. Koma munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro, kuopa madzi ndi kubwebweta kuja, palibe dokotala kapena sing'anga amene angam'bweze. Bala la kumaso kapena kumutu ndiye lofunika changu koposa, popeza ubongo uli pafupi.

Ena mpaka lero amameta ubweya wa galu wolumayo, n'kuuwotcha, phulusa lake n'kupaka pabala. Ena amathirapo mchere kapena tsabola. Ndimalemekeza nzeru za makolo, ndipo nkhani ino ndaitsamiritsa pa miyambi yawo, koma apa pokha ayi. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, ndi katemera wa chiwewe mu 1885, ndipo n'chifukwa chake pa 28 Sepitembala, tsiku limene Pasteur anamwalira, dziko lonse limakumbukira za matendawa. Mankhwala akhalapo zaka zoposa 130. Mwana wa ku Nkolokosa asafe ndi phulusa pabala.

Galu wolumayo, ngati ali wodziwika ndipo angathe kutsekeredwa popanda wina kulumidwanso, musathamangire kum'pha ndi mkwiyo. Atsekeredwe, apatsidwe chakudya ndi madzi, ayang'aniridwe masiku 10. Galu amene anali ndi chiwewe m'malovu tsiku limene analuma sapyola masiku amenewo asanadwale kapena kufa. Koma masiku 10 amenewa ndi a galu, wolumidwa asadikire nawo. Galuyo akafa kapena akaphedwa, musam'gwire ndi manja, ndipo musangom'taya kudzala. Auzeni a vetenale, iwo amadziwa kuyeza.

Kwa inu amene galu wanu waluma mwana wa mnzanu, apa m'pamene umunthu umaonekera. Ndaonapo anthu akuyamba ndi kukana kuti si galu wawo, ena akuti anayamba ndi mwanayo, ena usiku womwewo n'kum'tumiza galuyo kumudzi kuti asaoneke. Pobisa galu mwabisa yankho limene dokotala akulifuna, ndipo ngati ali wodwala mwatumiza imfa kwa abale anu omwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tulutsani khadi la katemera ngati lilipo. Ngati palibe, nenani zoona kuti sanabayidwe. Perekani ya kabaza, perekezani mwanayo kuchipatala. Zoti analakwa ndani mudzakambirana kwa amfumu mwana atalandira jakisoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ana anu nawonso amadutsa pa mageti a eni ake.

Inu eni nyumba za lendi, amene pabwalo limodzi pali mabanja atatu ndi galu mmodzi, khalani pansi mugwirizane nthawi yomasula galu ndi nthawi yom'tsekera, ndiponso malo amene azidyera kopanda ana. Nkhanga zinapangana kusanapse. Katemera akalengezedwa, pitani naye galuyo inu akuluakulu ngati ali wovuta, osangom'patsa chingwe mwana wa sitandade 3, ndipo khadi lake mulisunge pamodzi ndi mabuku a kusikelo.

Madzulo ano ana akaweruka, akhazikeni pansi muwafunse mafunso awiri: galu akatulutsa mano ndiye kuti akutani, ndipo galu atawathamangitsa angachite chiyani. Akayankha kuti akuseka, kapena kuti athawa, aphunzitseni lero lomwe asanatuluke kukasewera.